Kachitseko ka Che Wadi

Che Swadick anakhoma maboti a matabwa ku Nkhudzi zaka makumi anayi, ndipo palibe boti lawo limene linamizapo munthu. Izi amanena okha, koma asodzi satsutsa. Msana utayamba kukana ntchito, anasamukira ku Mangochi, kuseri kwa msika, m'nyumba imene mwana wawo Asiatu anawamangira. Kumeneko anasanduka munthu wa pakhonde, woweta nkhunda ndi kupita ku mzikiti pa nthawi yake. Koma m'mawa uliwonse ankatulutsa macheka, nyundo ndi kasemasema wawo wakale, n'kuzipukuta ndi kansanza ka mafuta a injini. Munthu wa kunyanja amadziwa kuti chitsulo chosapaka mafuta ndi ndiwo za dzimbiri.

Akazi awo dzina lawo ndi Mwanamvua, koma limeneli limapezeka pa chitupa pokha. Aliyense amati Abiti Wadi, mwana wa Che Wadi, pakuti kwawoko mkazi amayenda ndi dzina la bambo ake mpaka kumanda. Che Wadiwo ali mnyamata ankasonkhezera moto mu sitima yankhondo ya azungu, ija mfuti yake ili pafupi ndi nsanja ya wotchi m'tauni muja. Anamwalira Abiti ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Sanasiye chithunzi. Anasiya chibangili chimodzi chamkuwa pa dzanja la mwana wawo, ndi nkhani za sitima imene inaphwasulidwa mwanayo asanabadwe.

Matenda a shuga anayamba ndi diso lamanzere la Abiti, n'kulizimitsa. Tsiku lina adokotala ananena mosabisa kuti lamanja nalo likutsatira, mwina latsala ndi miyezi yowerengeka. Pobwerera kunyumba pa kabaza, Abiti anauza wopalasa kuti aime pa mfuti paja. Anaisisita nthawi yaitali, dzuwa likuwaotcha.

“Mfutiyi ndaiona mpaka kutopa nayo,” anatero. “Ndikanangoona sitima yakeyo kamodzi kokha.”

Che Swadick, amene anali nawo pa kabaza wina, anaweramitsa mutu. Ndi anthu aja amene ukawauza nkhani yolemera amayang'ana nsapato zawo. Koma m'mawa mwake anali kale ku nyumba yosungiramo zinthu zakale, magalasi ali pamphuno, akujambula sitima ija m'kope la ana asukulu. Asiatu anawatumizira zithunzi zina pa foni. Anayeza zonse ndi ulusi, n'kuzichepetsa mofanana, kuti sitima yonse italike ngati mkono wawo. Cholinga chinali chimodzi: Abiti aione diso lija lisanatseke.

Thupi la sitima silinawavute. Anasema chipika cha mlombwa milungu iwiri, akuimba chamumtima. Mavuto anayamba pa mkuwa. Panafunika chumuni cha utsi, timipanda ta m'mbali, mfuti ndi zopalasira madzi za kumbuyo. Anagula pulaimasi yakufa, chitofu chakale chamkuwa, kwa ogulitsa zitsulo zakale, n'kuidula tizidutswa. Anagulanso waya wa mtovu ndi kachitsulo kowotcherera kotenthetsa pa mbaula. Anati munthu wokhoma boti la anthu makumi awiri sangagonje kwa tizitsulo tonga zikhadabo.

Anagonja. Mtovu ukasungunuka unkangopanga timipira, n'kugubuduka pa mkuwa ngati madzi pa tsamba la koko. Chimene chaoneka ngati chagwira, akachikhudza chinkagwa. Anadzudzula makala. Anadzudzula mphepo ya mwera. Anabweza mtovu kwa wogulitsa, mawu ali m'mwamba, n'kugula wina amene anachitanso chimodzimodzi. Ndipo madzulo aliwonse, posunga tizidutswa tawo, ankatipukuta bwinobwino ndi kansanza kaja.

Milungu isanu ndi umodzi inatha choncho. Abiti anayamba kulephera kulowetsa ulusi pa singano. Kenako anasiya kusankha mpunga. Tsiku lina masana anafunsa kuti waima pakhomoyo ndani, pamene anali amuna awo omwe. Che Swadick anachita mantha, mantha enieni, amene sanawamvepo ngakhale pa mafunde a mwera.

“Che Swadiki,” anatero Abiti, “ndikumva mukutukwana zitsulo tsiku ndi tsiku. Safunsa anadya phula. Pitani kwa Fyness.”

Fyness ndi mayi wokonza mawailesi ndi mafoni m'kanyumba ka malata pa msika. Che Swadick ankamudutsa zaka zonsezi akupukusa mutu, ati dziko latha, akazi agwira moto wa amuna. Tsiku limenelo anavala mkanjo woyera, n'kukulunga tizidutswa tawo m'kansanza, n'kupita ngati munthu wopita kukapepesa mlandu.

Fyness anawapatsa mpando. Anamasula kansanzako, n'kununkhiza kachidutswa kamodzi.

“Bambo, mwaupaka chiyani mkuwawu?”

“Mafuta, nanga! Mukufuna uchite dzimbiri?”

Fyness anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Ataona nkhope ya mkuluyo, anasiya.

“Pepani, bambo. Mkuwa sudyedwa ndi dzimbiri ngati chitsulo cha boti. Ndipo mtovu sugwira pamene pali mafuta, olo a chala chokha. Inu ku mzikiti kuja mumayamba kupemphera swala musanasambe wuzu?”

“Astaghafirullah! Ayi.”

“Mkuwa nawonso ndi choncho. Uyambe wasamba.”

Anatenga ndimu ndi phulusa, n'kukwecha kachidutswako mpaka kanawala. Anapakapo mankhwala ake a m'kachitini. Kenako anagwira dzanja la Che Swadick, n'kulitsogolera.

“Musathamangitse mtovu. Tenthetsani mkuwawo, mtovu ubwera wokha. Dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.”

Mtovu unanyezimira, n'kulowa wokha pa mphako ya tizidutswa tiwiri tija. Zitazizira, Che Swadick anakoka ndi mphamvu zawo zonse, osatheka. Sanasangalale. Anangoyang'anitsitsa kansanza kaja, pozindikira kuti milungu isanu ndi umodzi ya diso la akazi awo anaipukuta okha, ndi dzanja lawo, chifukwa chosamala. Fyness anaona kuti mkuluyo akulimbana ndi misozi, ndipo anatembenuka n'kuyamba kufunafuna chinthu chimene sichinasowe.

Kuyambira pamenepo pakhonde pankanunkha ndimu. Zala zinapsa, zina n'kutuluka matuza. Timipanda tina anabwereza kanayi. Loweruka lililonse ankanyamula zimene apanga kukaonetsa Fyness, amene tsopano ankamutchula kuti aphunzitsi, osaseka. Ntchito inatenga milungu ina isanu.

Anamaliza Lachinayi m'mawa. Anaika sitimayo pa thebulo pabwalo, pamene dzuwa limamenya bwino, mkuwa wonse uli waliwali. Anatulutsa Abiti atawagwira dzanja.

“Nayi, Abiti. Yang'anani.”

Abiti anatembenuza nkhope, koma anaitembenuzira kumene kunachokera mawu, osati kumene kunali sitima.

“Ikani pamiyendo panga,” anatero.

Apo Che Swadick anadziwa kuti achedwa. Mtima unawawa kwambiri moti anakhala pansi, pa dothi, mkanjo woyera uli pathupi.

Zala za Abiti zinayamba ulendo. Zinapeza mfuti, ndipo anaseka. “Iyi ndikuidziwa.” Zinakwera chumuni, n'kutsika, n'kuyenda m'timipanda monse. Kenako zinapita m'mbali, pansi, kumbuyo, n'kubwereranso, zikufunafuna.

“Nanga ababa ankakhala pati?”

Che Swadick anakumbukira zithunzi zija. Zithunzi zonse zinkaonetsa pamwamba, pamene pankaima azungu a zovala zoyera. Pansi anangosiya chipika chosabowola.

“Ababa ankati iwo nyanja sankaiona,” anatero Abiti mofatsa. “Ankakhala pansi, mu mdima, pa chitseko cha moto. Kutsekula, kuponya nkhuni, kutseka. Sitima yonse ankaidziwa ndi manja ndi makutu. Ndiye musalire, Che Swadiki. Ine ndikuiona monga ankaionera ababa. Koma mwawatsekera kunja.”

Abiti anaitanitsa sopo ndi madzi. Chibangili chija chinali chisanachoke pa dzanjapo chiyambire utsikana wawo, ndipo chinatuluka movuta, chikusupula khungu. Anachiika m'manja mwa amuna awo kuti apangire kachitseko.

Munthu amene sanabowolepo boti moyo wake wonse anatenga tchizulo n'kubowola m'mbali mwa sitima yake. Anasema kachipinda kolowa zala ziwiri. Anaikamo kang'anjo ka mkuwa wa pulaimasi. Chibangili anachigwira nthawi yaitali asanachikweche, chifukwa kuda kwake kunali thukuta la Abiti la zaka makumi asanu ndi limodzi. Koma mkuwa uyambe wasamba. Anachidula, n'kuchisula, n'kupanga kachitseko konga chikhadabo cha chala chachikulu. Kolumikizira kake anawotcherera kamodzi kokha, n'kugwira. Fyness atakaona anati iyeyo sakanatha, ndipo Che Swadick amabwereza mawu amenewa kwa aliyense wobwera pakhomopo.

Masiku ano sitimayo imakhala pa kathebulo pafupi ndi mkeka wa Abiti. Alendo amayamikira mfuti ndi chumuni. Abiti akamaliza swala ya m'mawa amalowetsa zala m'kachipinda kaja, n'kutsekula kachitseko ndi chikhadabo, n'kutseka. Mvula ya chaka chino itayamba, kachitsekoko kanayamba kulira pang'ono, kuti kwii. Che Swadick atamva anadzuka msangamsanga, n'kubwera ndi kabotolo ka mafuta a makina osokera.

Abiti anamva fungo lake, n'kuphimba sitimayo ndi dzanja.

“Mwayambanso? Musapake.”

“Kakulira, Abiti.”

“Kasiyeni kalire. Ndikamva choncho ndimadziwa kuti ababa afika pa ntchito.”

Che Swadick anabweza kabotolo m'thumba, n'kukhala pansi pambali pawo. Abiti anatsekulanso.