Buku la ku koleji likutani pasaka ku Area 2?

Lachiwiri ndinatsika minibasi ku Area 2, ndipo pakhonde pa sitolo ina ndinaona mabuku atayalidwa pasaka ngati tomato. Limodzi ndinalizindikira: buku la uzamba limene mlamu wanga Esinati wakhala akulisaka mwezi wathunthu. Iyeyu ndi namwino, anabwerera ku koleji atakula kale, ndipo mayeso ake ndi sabata yamawa. Ku laibulale anamuuza kuti bukulo analichotsa poti ndi lakale.

Lakale? Chikuto chili phuliphuli, ngakhale tsamba lopindika mulibe. Mkati muli chidindo cha koleji yomweyo, ndi china chofiira chonena kuti lachotsedwa.

"Achimwene, amenewa mumawatenga kuti?" ndinafunsa wogulitsayo.

"Bwana, mukufuna buku kapena mbiri yake?" Anaseka, kenako n'kutsitsa mawu. "Amabwera pa galimoto Loweruka. Ine sindifunsa."

Ine ndiye ndimafunsa, ndi matenda anga.

Sindikukana, mabuku amathadi ntchito. Ena chiswe chadya, ena nzeru zake zinapitirira, mashelefu nawo amadzaza. Koma amasankha ndani? Chidindo chofiiracho chimakhala m'dirowa ya yani? Esinati akuti ong'ambika, opanda ndi chikuto chomwe, akadali pashelefu ali phee. Okhawo oti munthu angawagule ndiwo akukalamba msanga. Mwina ndine woganiza zoipa, koma tonse tikudziwa kuti mbuzi imadya pomwe aimangirira.

Ndinaligula. Esinati atajambula masamba a mitu yomwe amaifuna, ndinapita nalo ku laibulaleko kuti anzake apezeko mwayi. Mayi wolandira alendo analitembenuza, n'kundikankhiranso.

"Pepani bambo, limeneli m'kompyuta mulibe. Silingabwerere."

"Nanga mndandanda wa omwe munachotsa ndingauone?"

"Umenewo ndi wa abwana."

"Ndiye ophunzira aziwerenga chiyani?"

"Zonse zili pa intaneti masiku ano."

Sanandiyang'ane m'maso, ndipo mtima unandiwawa. Mabukuwa si a abwana, ndi a ophunzira. Ngati achotsedwa mwachilungamo, bwanji osapachika mndandandawo pakhomo, aphunzitsi n'kuvomereza, ophunzira n'kuyamba iwo kusankhapo?

Esinati mutu wa kutaya magazi pobereka wauwerenga kawiri tsopano. Anzake ambiri sanauone n'komwe. Mwina adzakhoza moloweza za m'kope, adzavala yunifolomu yoyera. Tsiku limene mkazi wanu adzagone pabedi la kuchipatala magazi osaleka, mukufuna adzamugwire ndani?