Imwani Alamu, Ndi Madzi Anu

Fuljan anakwatiwa ku Beltola ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo chimene anayamba kukonda pamudzipo si mwamuna wake ayi, koma dziwe. Mwamunayo, Ansar Gazi, anali munthu wabwino ndithu, kungoti wamanyazi, woyankhula akuyang'ana pansi. Dziwelo analikumba ndi bambo ake a Ansar kuseri kwa nyumba. Mvula ya miyezi inayi ikagwa linkadzaza tho, ndipo madzi ake ankamwedwa mpaka mvula ina. M'mbali mwake munali mitengo ya kokonati isanu ndi iwiri, ya mango iwiri, nthochi, ndi abakha osamva kuitana. Patsogolo pake panali munda wa mpunga, kenako khoma ladothi lotchinga mtsinje wa Kholpetua, umene madzi ake amchere amakwera kawiri pa tsiku kuchokera kunyanja. Kwathu kuno ngakhale mwana woyamwa amadziwa ntchito ya khoma limenelo: uko mchere, kuno mpunga.

Motaleb ankadziwanso. Iyeyu anali mkulu wake wa Ansar, wa kwa bambo aakulu, munthu wa mimba patsogolo ndi pakamwa pa uchi. Atamva kuti chingri, tinsomba ta ndevu zitalizitali tija timakulira m'madzi amchere, tikugulidwa modula kunja, anayamba kuyenda khomo ndi khomo kupempha minda kuti aisandutse maiwe. Ena anavomera. Ansar anakana.

"Achimwene, ana anga adzadya mpunga, osati ndevu za nsomba."

"Palibe kanthu, mng'ono wanga, munda ndi wako," anatero Motaleb uku akumwetulira.

Lachisanu lotsatira, amuna onse ali kumzikiti, dzuwa lili paliwombo, antchito a Motaleb anabwera ndi makasu n'kuboola khoma. Masanasana! Munthu wopanda manyazi uja sanaone n'komwe chifukwa chobisalira. Fuljan anali padziwe akutsuka mphika, mwana wake Sobuj ali pambali, pamene anaona madzi otuwa akukwawa m'mpunga wobiriwira. Anakuwa mpaka mawu anatha. Amuna pobwera kuchokera kumzikiti, mchere unali utalowa kale m'dziwe.

Mchere supha tsiku limodzi. Mpunga unapsa sabata yomweyo. Nthochi zinatsatira, mango anayoyoka masamba chaka chisanathe, abakha anatha mmodzimmodzi. Kokonati anapirira zaka zitatu, kenako kunangotsala mizati yopanda mitu. Kukadandaula kwa akuluakulu? Anapita, kangapo konse. Anawauza kuti khomalo linabooledwa ndi nkhanu. Nkhanu zogwira makasu!

Munda utafa, Ansar analowa m'nkhalango ya Sundarban ndi anzake okafula uchi, ntchito imene sanaigwirepo chibadwire. Ulendo wachiwiri nyalugwe anamugwira. Anzakewo anabwera ndi kansalu kake kopukutira thukuta basi. Motaleb analira pamaliro kuposa wina aliyense, kenako anatenga munda wakufa uja ndi dziwe lomwe, ati kupeputsa mayi wamasiye. Anamanga nyumba yanjerwa pafupi ndi dziwelo, n'kuliikira masitepe a simenti otsikira kumadzi. Madziwo anakhalabe amchere, poti uku ndi uku kunali maiwe a chingri okhaokha. Fuljan anasiyiridwa kakhumbi kumapeto kwa bwalo.

Madzi akumwa anatsala malo amodzi, padziwe la kumzikiti wakale, ulendo wa maola awiri kupita, awiri kubwerera. Mkazi wa munthu wolemera sayenda ulendo wotero. Ndiye ankatungira banja la Motaleb ndani? Fuljan yemweyo, mtsuko m'chiuno, zaka makumi awiri ndi ziwiri, kuti apeze mbale ya mpunga wogula kusitolo. Chiuno chinapindikira mbali imodzi, zidendene zinang'ambika ndi mchere wa m'njira.

Zonsezo akanazimeza mwina, pakanapanda za Sobuj. Kuno bambo wa mtsikana akabwera kudzaona kumene mwana wake akakwatiwe, asanafunse za munda kapena ng'ombe amapempha madzi akumwa, kenako amafunsa kumene atungidwa. Mabanja atatu anabwera kudzaona Sobuj. Onse anamwa, onse anafunsa, ndipo Fuljan, poti bodza salidziwa, ananena zoona. Bambo wachitatu ananena mosabisa:

"Mayi, mwana wanu ndi wabwino. Koma wanga sindinamulere kuti adzathyoke chiuno ngati inuyo."

Sobuj anamva ali kuseri kwa chitseko. Mwezi womwewo anapita ku Dhaka kukapalasa njinga yonyamula anthu, ndipo mpaka lero ali konko, imvi zayamba, mkazi alibe. Kumudzi sabwera.

Fuljan sanakhululuke, ndipo ine sindimudzudzula. Pamaso pa Motaleb ankaphimba kumutu, n'kumayankha kuti "inde alamu, ndamva alamu." Koma m'njira muja ankamutukwana phazi lililonse, kupita ndi kubwerera. Sankapempha Mulungu kuti Motaleb afe, ayi, kufa n'kophweka. Chimene chinkamudya mtima n'chakuti munthu amene anathira mchere m'mudzi monse anali asanalawepo madziwo ngakhale dontho. Ankafuna tsiku lina adzamuone akuwameza.

Tsikulo linabwera m'mwezi wa Choitro, pamene nthaka imayera mbuu ndi mchere ndipo mitsuko ya madzi amvula imakhala itauma. Motaleb anapezera mwana wake Liton mbeta ku Jessore, kumtunda kwa madzi okoma, mwana wa mphunzitsi wotchedwa Sobhan. Wopereka uthenga pakati pa mabanjawo anali atalumbira kuti kwa Motaleb kuli dziwe la madzi abwino pakhomo pomwe. Motaleb anaitana Fuljan.

"Make Sobuj, tabwera kuno. Mawa kukubwera asewele anga. Ulawire kumzikiti wakale, mtsuko wodzazawo ukaubise pansi pa masitepe. Akapempha madzi, utsike ndi mtsuko wopanda kanthu, uvundule madzi ndi dzanja kuti amve phokoso, ukwere ndi wodzaza uja. Wamva?"

"Ndamva, alamu."

"Ukachita bwino ndikugulira nsalu yatsopano. Ukandichititsa manyazi, kakhumbi kako kaja ndikagwetsa ndekha."

"Ndamva, alamu."

M'mawa mwake anayenda maola ake anayi ngati masiku onse, n'kubisa mtsuko pamene anamuuza. Alendo anafika dzuwa litakwera, n'kukhala pakhonde loyang'ana kudziwe. Sobhan anali munthu wowonda, wamagalasi, wosafulumira kuseka. Anayang'ana dziko loyera lija uku ndi uku.

"Asewele, kuno mitengo simudzala?"

"Namondwe, asewele, namondwe wa chaka chija anatitha."

"Ooh. Nanga madzi? Tinamva kuti dera lino akazi amavutika."

"Amavutika a kwa ena! Ine dziwe langa ndi ilo mukuliona. Anakumba ndi makolo, madzi ake ngati a kokonati. Make Sobuj! Katungire alendo, amve okha."

Fuljan anatsika masitepe ndi mtsuko wopanda kanthu. Pansipo sankaoneka kuchokera pakhonde. Mtsuko wodzaza uja unali pomwepo, pafupi ndi chitsa cha kokonati amene Ansar ankakwera kukamuthyolera zipatso ali ndi pakati pa Sobuj. Anaima. Ankadziwa bwino kuti akachita zimene mtima ukumuuza, mawa adzuka wopanda mpunga, wopanda pogona, nkhalamba yopindika chiuno. Masiku ano ena amati anamvera chisoni mtsikana wa ku Jessore uja. Bodza limenelo! Mtsikanayo sanamuganizire n'komwe. Anaganizira kansalu kopukutira thukuta, ndi Sobuj ali kuseri kwa chitseko.

Ananyamula mtsuko wa madzi okoma n'kumwa yekha, kumwa kwenikweni, mpaka madzi anayenderera pachibwano, chinthu chimene sanachitepo zaka zonsezo poopa kuchepetsa a eni ake. Otsalawo anawathira pachitsa paja. Kenako anamiza mtsuko wina uja m'dziwe, n'kukwera nawo ukudontha.

Anathira m'tambula n'kupereka kwa Sobhan. Mphunzitsiyo anapiga kamodzi, nkhope inakwinyika, anatembenuka n'kulavula kunja kwa khonde. Motaleb anayang'ana Fuljan ngati amudye wamoyo, koma pamaso pa alendo akanatani? Anaseka kuseka kouma.

"Aaa, asewele, ndi ulendo umenewo, m'kamwa mwanu mwauma ndi fumbi. Madzi awa ife timamwa tsiku ndi tsiku!"

"Tsiku ndi tsiku?" anafunsa Sobhan, akupukuta milomo. Anamupatsira tambula ija. "Ndiye imwani ndione."

Fuljan sanadikire kuuzidwa. Anasendera n'kudzaza tambulayo mpaka m'milomo. Nsalu inatsetsereka kumutu kwake, ndipo sanaibwezere.

"Imwani, alamu. Ndi madzi anu. Munawaitana nokha ndi makasu, Lachisanu lija."

Motaleb anayang'ana mwana wake Liton, amene anali atazyolika. Anayang'ana alendo. Kukana kunali kuvomera kuti ndi wabodza pamaso pa asewele, ndiye anatseka maso n'kuyamba kumeza. Mitsempha ya m'khosi inatupa, misozi inalengeza, mimba ija inkagwedezeka. Fuljan anaima pafupi penipeni, akuwerenga mmero uja ukukwera ndi kutsika, ndipo mumtima mwake munali kukoma kumene sanakumvepo chikwatiwire. Motaleb anamaliza, n'kuika tambula pansi.

"Okoma," anatero ndi mawu osasa.

Sobhan anali atayamba kale kufunafuna nsapato zake. Anzake anaimirira osalawa ngakhale chingri chimene chinaphikidwa mbale zitatu. Motaleb anafuna kuwaitana, koma m'malo mwa mawu kunatuluka chifuwa.

"Choka pakhomo panga," ananong'ona atapeza mpweya. "Lero lomwe, mfiti iwe."

"Ndichoka, alamu, musavutike, katundu wanga ndi mtsuko womwewu," anayankha Fuljan.

Anatola tambula ija, anapendeketsa mtsuko, n'kuidzazanso pang'onopang'ono alendo akuona. Anaiika m'dzanja la Motaleb n'kumupindira zala kuti aigwire bwino.

"Yoyamba ija inali ya Ansar. Iyi ndi ya Sobuj."