Ulusi Woyamba wa Alinesi

Mu Juni 2021, Alinesi wa ku Pfupajena anatseka laputopu yake yakale n'kunena kuti basi, zamukanika.

Ntchito yake ku fakitale ya nsalu inali itatha. Anadziphunzitsa kulemba mapulogalamu, n'kulowa gulu la pa intaneti lokonza pulogalamu yaulere youza alimi a thonje za nyengo. Mapulogalamu otere aliyense amaloledwa kuwaona m'kati ndi kuwakonza.

Poopa kuoneka waulesi, anasankha ntchito yaikulu kuposa zonse. Anaivutikira miyezi yathunthu, koma oyang'anira gululo anaikana mwaulemu chifukwa inkasokoneza zomwe zinkayenda bwino.

Mchimwene wake Lameki, woyendetsa kombi, minibasi yonyamula anthu, ku Waverley, atamva anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Achemwali, tsiku loyamba ku fakitale anakupatsani makina onse?"

"Ayi, ndinkangolumikiza ulusi woduka."

"Nanga uko mwafikira pampando wa foromani bwanji?"

Alinesi anakwiya pang'ono, koma anatsegulanso laputopu. Anapeza batani lomwe silinkaoneka pa mafoni ang'onoang'ono, n'kulikonza. Mu Ogasiti analandira yankho loti ntchitoyo yalowa mu pulogalamu.

Kenako anaona kuti obwera kumene ambiri amagwera m'dzenje lomwelo n'kuthawa. Anayamba kusaka tintchito tating'ono, kutiika chizindikiro, ndi kufotokoza fayilo yoti munthu atsegule komanso mmene angayesere ngati zatheka. Manja ankamuyabwa, poti akanatha kutikonza yekha asanamalize tiyi, koma ankatisiya dala. Ataona kuti atsopano ayamba kukhazikika, mu 2023 oyang'anira anamupatsa udindo wowalandira.

Loweruka lililonse tsopano amakwera kombi ya Lameki kupita ku Kadoma kukakumana ndi achinyamata ophunzira kulemba mapulogalamu mu holo ya tchalitchi ku Ingezi. Iye amayankhula Chichewa, iwo amayankha m'Chishona, koma amamvana.

Tsiku lina Hazel, mtsikana wolusa pa kompyuta, analoza ntchito yaikulu kuposa zonse. Alinesi anamwetulira n'kumukankhira yongokonza mzere umodzi wa pulogalamu. Hazel anatupa masaya, koma ntchitoyo italandiridwa anavina mpaka kugwetsa mpando. Pano nayenso amasiyira ena tintchito.

Inu amene mwatseka laputopu lero, tsegulaninso. Musataye mtima: pezani ulusi umodzi woduka muulumikize, ndipo mukazolowera, musiyireko wobwera pambuyo panu.