Tinaima pamzere pa Corniche, akuti amayi sitinavote

A komiti ya zisankho m'bungwe lathu la Amalawi kuno ku Doha, mundiyankhe. Chiwerengereni zotsatira zanu ndikungozungulira m'khitchini.

Lachisanu kunali chisankho chachipulula cha ofuna upulezidenti wa bungwe. Munati tivota ngati kwathu, kuima kumbuyo kwa amene ukumufuna, pa Corniche, m'mbali mwa nyanja, 4 koloko madzulo, motalikirana chifukwa cha korona. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Ndinachonderera madamu sabata yathunthu, iwo kumangoti inshallah, mpaka anandilola maola awiri.

Ndinapitira mayi Halima, mmodzi wa opikisanawo. Lamulo latsopano likuti tikhoza kusintha bwana popanda chilolezo chake, koma amatiperekeza ku leba ndani? Mayi ameneyu yekha. Ine nyumba ino ndikufuna kuchokamo, ndatopa.

Abambo, masikyulite ndi madalaivala, anathithikana kumbuyo kwa mnzawo ngati korona ndi mlamu wawo. Ife amayi tinamvera lamulo lanu. Tinatalikirana, mzere wathu n'kukafika kutali ku mitengo ya kanjedza, tonse m'maabaya, mikanjo yakuda ya amayi a kuno, ndi mamasiki.

Owerenga mavoti, a Phiri, anawerenga mpaka pa benchi ina pakati pa mzere wathu, n'kutembenuka. Ndinakuwa kuti achimwene, tatsala kuno! Anangokweza dzanja, amvekere, "Khalas, basi mama, taimu yatha, apolisi ationa."

Loweruka m'mawa zotsatira zinafika pa gulupu yathu ya pafoni. Mayi Halima agwa. Pansi pake mwasanthula bwinobwino ngati akadaulo: achinyamata anakonda uje, a m'mahotela uje, koma amayi a m'nyumba "sanaonetse chidwi". Chidwi chake chiti? Chovina?

Ndinawaimbira a Phiri. Akuti ataona maabaya akuda anaganiza kuti ndi eni dziko akupitidwa mphepo. Eni dziko kuima pamzere padzuwa, ataloza nkhope kumodzi, atavala masilipasi otchipa a ku msika wa Najma? Kungoti muli bwanji kukanakuthyolani lilime? Akuti pepani, tidzavota chaka chamawa.

Chaka chamawa! Inu mukaweruka mumavula yunifomu n'kukagona. Ine ndimagona pomwe ndimagwirira ntchito.

Bwerezani chisankho, ndipo owerenga akafike mpaka kwa munthu womaliza. Chotsaninso mawu aja pa gulupu lero lomwe. Kudutsidwa osaonedwa tinazolowera m'nyumba za mabwana. Sitinkadziwa kuti nanunso abale athu munaphunzira.