Bokosi Lilibe Miyendo

Inu amene mukuti chidani cha m'mudzi sichingathe, tamvani za Edina wa ku Mitundu.

Tsiku loika mwana wa mnansi wawo, onyamula bokosi adayamba kudzandira. "Maliro akukana!" adakuwa Lovemore, mkulu wa adzukulu okumba manda. Bokosi lidakhotera kunyumba ya mayi ake a Edina, anthu n'kuti mfiti yapezeka. Nyumba idatenthedwa, mayiwo adagendedwa, patatha sabata adamwalira.

Edina adathawira ku Nathenje, komwe ankagulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Mtima unkamuwawa kwambiri, koma funso limodzi silinkamuchoka: kodi bokosi lili ndi miyendo?

Adasonkhanitsa amayi asanu omwe makolo awo adathamangitsidwa chimodzimodzi. Zaka ziwiri adayenda m'mipingo ndi m'misika, anthu n'kumawatcha maloya a mfiti.

Kenako khansala wa deralo, mayi Lily, adawaitana. Sadatalikitse nkhani monga achitira andale.

"Chidanichi chimayambira pati?"

"Pamaliro, mayi," adayankha Edina.

Khonsolo idawapatsa mpando mu komiti ya chitukuko ndi njinga ziwiri. Idawapatsanso mlangizi wa zaumoyo woti, abale akalola, azifotokoza pamaliro matenda omwe atenga munthu. Gulu lomwe linkanyozedwa lija lidayamba kupatsidwa mpata wolankhula.

Chaka chatha, m'mudzi mwawo momwemo, bokosi lidadzandiranso. Ulendo uno lidalunjika kwa mayi ake a Lovemore. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kumudzi mkazi sanyamula bokosi. Edina adamanga chitenje, n'kulowetsa phewa lake pansi pake. Anzake asanu adatsatira.

"Ngati likukana, litikane ife," adatero.

Anyamata onyamula bokosi aja adachita manyazi n'kulisiya. Bokosi lidapita kumanda osakhota.

Atakwirira, Lovemore adalondola Edina mutu uli pansi. "Achemwali, tsiku lija ndimakhotetsa ndi ine."

"Ndikudziwa," adatero Edina, misozi ili m'maso. "Mawa kuli maliro ku Diamphwe. Njinga inayo ilibe wopalasa."

Mayi ake a Edina sadzabwerera, izo n'zoona ndipo zimapweteka. Koma mayi ake a Lovemore ali moyo, akulima chimanga chawo. Inunso, ngakhale akunyozeni, musataye mtima. Lowetsani phewa.