Matayala Anayi Pansi pa Lona

Achimwene anga anayamba kugulitsa ndi kumanga matayala ndevu zisanamere, koma za liwiro musawafunse. Pikiapu yawo imapitiriridwa ndi njinga yakapalasa, wanjingayo n'kucheuka kuti aone ngati galimotoyo yafa. Mumsewu wathu onse amawatchula kuti a Mantha, ndipo iwo amavomera. Shopu yanga yosokera zovala inayang'anizana ndi yawo, choncho moyo wawo ndimauonera pawindo ndikupalasa makina.

Manthawo sanabadwe nawo. Kuseri kwa shopu yawo kuli bwalo limene amakokerako magalimoto ochita ngozi. Anthu ena akamasuzumira magalasi osweka ndi mipando yopindika, achimwene amagwada n'kumayang'ana matayala. Amabwerako milomo itatuwa, tsiku limenelo chakudya osachikhudza.

"Achemwali," amatero kwa ine, "munthu akamathamanga pamsewu, chimene chimamugwirizira padziko ndi tizikhatho tinayi ta labala. Basi."

Ndiye munthu wotereyu anapatsidwa mwana mmodzi yekha, wamkazi, amene anayamba kuthamanga asanadziwe kuyenda. Tinamutcha Kamphepo. Mayi ake anatisiya iye akadali wamng'ono, ndipo bambo ake anamulera ngati dzira. Njinga anamukaniza, kusambira anamukaniza, kukwera mtengo ndiye osayerekeza. Mwana anakula, anaphunzira unamwino, n'kuyamba ntchito pachipatala chachikulu. Tsiku lina masana tinangomva chinthu chikubangula kumapeto kwa msewu, n'kudzaima pakhomo pa shopu, Kamphepo n'kutulukamo mano onse ali pamtunda.

Inali galimoto yakalekale, yobadwa iye asanabadwe, ya zitseko ziwiri, yaifupi moti polowa umachita kudzipinda. Anaigula kwa mayi wina wamasiye amene anaitsekera m'galaja chimwalirire amuna awo. Inali ndi tabo, kachipangizo kopopera mpweya mu injini. Achimwene anandiuza kuti tabo ya magalimoto akalewa ndi yachinyengo. Ukaponda moto imayamba yagona, iwe n'kuwonjezera kuponda, kenako imadzuka mwadzidzidzi n'kukhuthulira mphamvu zonse ku matayala akumbuyo. Ngati matayalawo sakugwira msewu, mbuyo ya galimoto imafuna kutsogola.

Matayala amene inabwera nawo ankaoneka ngati atsopano, mizere yake yakuya bwinobwino. Achimwene anagwada n'kubaya tayala lina ndi chikhadabo, chikhadabo n'kubwerera. Labala anali atauma gwa ngati thabwa, m'mbali muli timing'alu tosawerengeka.

"Awa anafa kalekale," anatero. "Bweretsa kiyi. Galimotoyi situluka pano mpaka nditaipezera matayala."

"Chabwino bambo, koma musankhe abwino," Kamphepo anayankha akupereka kiyi. "Anzanga akuti tiike marimu akuluakulu ndi matayala otambalala, opyapyala aja."

"Anzakowo ntchito yawo idzangokhala kubwera kudzakhuza maliro."

Achimwene anaikankhira pansi pa shedi pambali pa shopu, n'kuyamba kuizungulira ndi tepi yoyezera. Apa ndiye ndinaona kuti mantha aja ali ndi ntchito. Anapinda chiwongolero mbali iyi ndi iyo, akulowetsa dzanja kuseri kwa tayala kuti amve mpata umene watsala. Tayala lotambalala mopitirira, iwo anati, lidzakhula paipi ya buleki pokhota, ndipo pamvula limayandama pamwamba pa madzi m'malo mowapatula. Lopyapyala likagwa m'dzenje kamodzi, rimu, chitsulo chimene tayala limavalapo, yapita. Anasiya marimu ake omwewo a mainchesi 16, n'kusankha matayala otambalala mamilimita 205 kutsogolo ndi 225 kumbuyo, monga anafunira amene anaipanga, a labala wofewa wogwira msewu wonyowa komanso wopirira liwiro la galimotoyo. Kwathu kunalibe, anachita kuitanitsa kutali. Kamphepo anakumbatira bambo ake, iwo n'kumangoti, "Eya, eya, ndisiye."

Matayala anafika. Ndinaona ndi maso angawa lole ikutsitsa. Achimwene anawasisita limodzilimodzi, anawanunkhiza, kenako anayang'ana uku ndi uku, n'kuwagubuduzira kuchipinda chakumbuyo, n'kuwafunditsa lona. Ndinasiya diresi ili pamakina n'kudumpha msewu.

"Kodi mukubisa chiyani, achimwene?"

"Ndikawamanga atuluka nayo," anatero osandiyang'ana. "Panopa akukwera basi, ndipo ine ndikugona tulo."

"Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemereni imufotere yekha."

"Iyi si nyanga yofota, achemwali. Iyi imapha."

Ndinawakalipira mpaka malovu kuuma, koma mantha alibe makutu. Kamphepo akabwera kudzafunsa, yankho linali lokonzeka kale. Sitima yachedwa. Atumiza saizi yolakwika. Munthu wa kumalire wadwala. Mwanayo ankangoti, "Palibe kanthu bambo, ndidikira," n'kutenga ndowa kukatsuka galimoto yake yosayendayo. Chimene bambo ake sanachiganizire n'chakuti mayi wamasiye uja anapereka makiyi awiri.

Loweruka lina masana kunagwa chimvula chija chimene chimatseka ngakhale nyumba ya tsidya la msewu. Achimwene anali atapita ndi pikiapu kukathandiza kasitomala amene tayala linamuphulikira. Kamphepo anaitanidwa mwadzidzidzi kuchipatala, ndipo basi sinaoneke ngakhale imodzi. Ine ndinangomva kubangula kuja. Ndinatuluka tepi ili m'khosi, ndikukuwa dzina lake, koma ndinangoona magetsi ofiira akulowa mumvula.

Ndinaimba foni yake, ikungolira. Ndinaimba ya bambo ake, ndipo ndisanamalize kuyankhula ndinawaona akukhota pakona. Anatsika n'kuima pansi pa shedi, akuyang'ana simenti youma pamene pankaima galimoto.

"Yapita ndi matayala ati?" anafunsa, ngati kuti panali ena.

Tinakwera pikiapu tonse awiri.

Tsiku limenelo ndi limene ndinadziwa kuti pikiapu ija ili ndi giya yachinayi. A Mantha anaponda moto mpaka zitseko kumalira, madzi akuthovokera mbali zonse. Ndinagwira mpando ndi manja awiri, ndikuopa za mwana, ndikuopanso za ine ndemwe. Achimwene ankayankhula okha, akutchula malo amene ali kutsogolo. Pa mlatho pali zitsulo zoterera. Pa sitolo ya matabwa msewu umakhota ukutsika. Akafika pamenepo asaponde moto, Ambuye, asaponde moto. Pokhota paliponse ndinkatseka maso, n'kuwatsegula ndikuyembekezera kuona gulu la anthu.

Pa mlatho panalibe kanthu. Pa sitolo ya matabwa tinaona maambulera ataunjikana.

Galimoto inali itatembenuka, ikuyang'ana kumene inachokera, tayala limodzi lakumbuyo lili m'ngalande. Pakati pa chitseko cha woyendetsa ndi mtengo wa magetsi panatsala kampata kongolowa chikhatho. Achimwene anadumpha pikiapu isanaime bwino, anaterereka, anagwa m'matope, n'kudzuka osadziwa kuti agwa. Anatsegula chitseko cha mbali inayo. Kamphepo anali chikhalire, manja atakanirira pa chiwongolero, magazi pang'ono akutuluka pamlomo.

Achimwene anamugwira mutu, mapewa, mawondo, ngati akuwerenga kuti zonse zilipo. Mwanayo anayamba kulira.

"Pepani bambo. Ndinangoponda pang'ono, mbuyo n'kundithawa. Munandiuza ndithu. Ndikanadikira matayala aja afike. Ndine wosamva ine."

Apo ndinayang'ana achimwene. Akanangokhala chete, nkhani ikanathera pomwepo, iwo n'kukhala bambo wanzeru amene anachenjeza. Mvula inkayenderera pankhope pawo.

"Anafika kale, mwana wanga."

"Chiyani?"

"Matayala. Ali kuchipinda chakumbuyo. Anafika mwezi wathawu."

Kamphepo anasiya kulira. Anatuluka m'galimoto, anapukuta pamlomo ndi mkono wa yunifolomu, n'kupempha mmodzi mwa anthu amene anaima ndi magalimoto kuti akamutule kuchipatala, poti odwala ankamudikira.

Galimoto tinaikoka tokha mpaka kushedi. Lamlungu lonse achimwene anakhala pambali pake, jeke ndi sipanala zili pafupi, koma sanayerekeze kuikhudza mwini wake asananene.

Lolemba m'mawa Kamphepo anabwera. Anandipatsa moni pawindo, "Mwadzuka bwanji azakhali," n'kupitirira. Bambo ake anaimirira.

"Ndiamanga pompano, mwana wanga. Sindichedwa."

"Musavutike, bambo."

Analowa yekha kuchipinda chakumbuyo, anavundukula lona, n'kutulutsa tayala loyamba. Kumunsi kwa msewu wathu kuli shopu ina ya matayala, ya bambo wina amene achimwene akhala akumunena kuti amamanga manati akucheza pafoni. Kamphepo anagubuduzira tayalalo kumeneko, anthu onse akuona, n'kubwerera kudzatenga lina. Atamaliza onse anayi, analiza galimoto n'kutsetserekera nayo komweko pang'onopang'ono.

Achimwene anamutsatira chapatali n'kukaima tsidya la msewu. Bambo uja anakweza galimoto pa jeke, foni ili pakhutu, n'kuyamba kumasula. Ndinaona manja a achimwene akupotoza mumpweya nati iliyonse limodzi naye, milomo ikuwerenga. Kamphepo sanacheuke. Ntchito itatha analowa, analiza injini, ndipo anadutsa pamaso pawo kulowera ku mlatho, kumwamba mitambo ikusonkhananso.