Nkhoko za Maliko

Agogo anga aamuna akandibwerera m'maganizo, chimayamba kufika ndi fungo la mtedza ukupsa pa chivundikiro cha diramu, losakanikirana ndi utsi wa nkhuni za bulugamu zonyowa ndi chiperoni, kenako phokoso la supuni yawo yaitali ikukwecha chitsulo pang'onopang'ono ngati ya munthu amene alibe kwina kopita. Kuseri kwa nyumba yawo, kumudzi kwathu kufupi ndi Milonde, anamanga kachisakasa kawokawo kophikiramo. Amuna anzawo podutsa m'mawa kupita kothyola tiyi ankawaseka kuti akulimbirana mafuwa ndi akazi, koma iwo ankangokweza supuni ija m'mwamba ngati moni. Dzina lawo linali a Namakhwa, koma mudzi wonse unkangoti a Khuku, chifukwa anaphikira bwana wa esiteti ina ya tiyi kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitamera.

Chodabwitsa chinali chakuti munthu amene ankadziwa kuphika supu, makeke ndi nyama ya mu uvuni sankadya chilichonse mwa zimenezo. Chakudya chawo chinali chinangwa chootcha, mtedza, nsomba youma ndi tiyi wopanda mkaka. Anganga, akazi awo, anasiya kalekale kudandaula. Ankangowapatsa chinangwa chachiwisi n'kuwasiya adzionere okha.

Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene mlongo wanga wamng'ono, Maliko, anayamba kutupa mapazi. Iye anali ndi zaka zinayi koma anali asanatchulepo mawu ngakhale amodzi. Ukamuitana sankacheuka, komabe kulira kwa wezulo kutali kunkamutseketsa makutu ndi manja onse awiri. Tsiku lonse ankakhala pansi pa mtengo wa mango akundandalika timiyala, kuyambira kakang'ono mpaka kakakulu, ndipo nkhuku ikasokoneza mzere wakewo ankalira ngati wapsa ndi moto. Chimene chinkasautsa amayi kwambiri chinali kudya. Atangomuletsa bere, Maliko anakana phala, anakana nsima, anakana nyemba, chigwada, nthochi yakupsa, ngakhale thobwa limene ana onse ankalimbirana.

Ndiye m'mawa uliwonse tinkamugwira. Amayi ankamugoneka pamiyendo pawo, dzanja limodzi analipinda pakamwa pake ngati chikho, n'kumathiramo phala, lina likutsina mphuno kuti ameze. Ntchito yanga inali kugwira manja ake. Ndimakumbukirabe mmene timikono take tinkanjenjemerera m'manja mwanga, ndi mmene ankayang'anira kudenga, osati kwa ine. Akamumasula ankasanza zonse, amayi n'kukhala pansi n'kumalira, chitenje chonse chili phala lokhalokha.

Tsitsi lake litayamba kufiira ndi kuthothoka, tinapita naye kusikelo. Panjira anyamata a chipani anatiimitsa kufuna kuona khadi ya amayi, ndipo mmodzi ataliza wezulo Maliko anakuwa mpaka kukafika kuchipatala. Anamwino anamukanikiza phazi ndi chala, chala chinasiya dzenje. Anati mwanayu akusowa chakudya m'thupi, azidya phala la nsinjiro, mazira ndi nsomba. Amayi anayankha motsitsa mawu kuti zonsezo kunyumba zilipo, koma mwana sakutsegula pakamwa. Anamwino anati, "Muzimukakamiza, mayi." Tinabwerera kwathu.

Kumudzi nkhani inatembenuka. Amayi aakulu ndi anganga anayamba kunong'onezana kuti kutupa kotere ndi tsempho, matenda amene amati amagwira mwana bambo ake akayenda ndi mkazi wina. Bambo anga ankagwira ntchito ku fakitale ya tiyi, ankagona kumakomboni mkati mwa sabata n'kubwera Loweruka, ndipo pamudzi pathu anali mkamwini, mlendo wokwatira. Loweruka lina anapeza ankhoswe atakhala kale pamkeka. Ine ndinabisala kuseri kwa nkhokwe.

"Muulule, achimwene," anatero amalume. "Mwana akutha uyu. Mukaulula tim'pezera mankhwala. Mukapanda kutero, mubwerere kwanu mpaka mutakumbukira."

Bambo anakhala chowerama, chipewa chili m'manja. "Ndilibe choulula," anatero. "Ndikanakhala nacho, sindikanadikira kuti mwana wanga afike apa."

Amayi sanakweze mutu. Sindinadziwe ngati ankawakhulupirira kapena ayi, ndipo ndikuganiza kuti iwonso sankadziwa.

Agogo, amene pamilandu ya pabanja sankakonda kuyankhula, anatsokomola. "Mkamwiniyu m'siyeni kaye. Ndipatseni mwanayo mwezi umodzi. Koma pamwezi umenewu pasapezeke womugwira manja."

"Ndiye afe ndi njala?" anafunsa amayi aakulu.

"Panopa mukumugwira, akunenepa?"

Anagwirizana zodikira mwezi.

Masiku atatu oyamba agogo sanaphike kanthu. Anatenga kampando kawo n'kukhala chapatali ndi mtengo wa mango, akusenda chinangwa ngati alibe nazo ntchito. Amayi ankayenda uku ndi uku, mtima uli m'mwamba. Tsiku lachitatu masana, ndikutulutsa miphika kuti ndikaiviike, agogo anandikodola. "Esinati, usathire madzi. Iike pansi, ubwere kuno, ndipo usamuyang'ane."

Ndinakhala pambali pawo, ndikuyang'ana mozemba. Maliko anadzuka, anayenda cham'mbali mpaka pamiphika, anatifulatira, n'kuyamba kumatula nkhoko, zouma zija zimakakamira pansi pa mphika. Tinkamva kukhukhutika kwake tili pomwepo.

"Dzulo ndinamuona akutola chimanga chokazinga chimene unagwetsa," ananong'ona agogo. "Dzana ankatafuna makaka, chinangwa chouma chija, pathandala. Zonsezo n'zouma, n'zozizira, zimalira m'mano, ndipo amadya popanda womuyang'ana. Kwa bwana kuja mbale ikabwerera yodzaza sindinkakwiya, ndinkayang'ana chimene chatsala. Mbale imanena zoona kuposa mwini wake."

M'mawa mwake anasungunula mgaiwa m'madzi, n'kuupaka mopyapyala pa chivundikiro cha diramu chotentha, mpaka unauma n'kumatuka wokha ngati khungwa la bulugamu. Anauziziritsa, anauika pa mwala pafupi ndi timiyala ta Maliko, n'kuchokapo. Maliko anadya zonse. Tsiku lotsatira anadya kawiri. Amayi ataona mwala uli mbee anagwira pakamwa n'kulowa m'nyumba.

Koma mgaiwa wokha sukanachotsa kutupa, ndipo masiku ankatha. Tsiku lachisanu ndi chimodzi agogo anafulumira. Anasinja usipa, anaswa dzira, anasakaniza mu ufa muja Maliko asakuona. Nkhoko zinatuluka zooneka chimodzimodzi. Maliko analuma kamodzi, anaima, analavula, kenako anayamba kudzimenyetsa mutu pa mtengo mpaka ndinachita kuika dzanja langa pakati. Tsiku limenelo sanadye kanthu. Tsiku lotsatira anakana ngakhale nkhoko za mumphika zimene ankadzitolera yekha. Ankangomwa madzi n'kugona pansi, maso ali gwa.

Amayi aakulu anabwera ndi mbale ya phala. "Zaukhuku zanu zakanika, bambo. Esinati, bwera udzagwire."

Ndinaima pakati pa bwalo, osadziwa kolowera. Agogo anati, "Mwezi sunathe, mwana wanga. Walakwa ndine, si mwanayu. Ndamunamiza." Ndiye anachita chinthu chimene sindinaonepo munthu wamkulu akuchita. Anapita pamene Maliko anagona, anagwada movutika chifukwa cha mawondo awo, n'kuyankhula naye chapansipansi, theka Chichewa theka Chilomwe, osamukhudza. "Mwanaka, ndinakubisira nsomba. Sindidzachitanso. Chilichonse cholowa m'kamwa mwako uzichiona ndi maso ako." Amayi aakulu anapukusa mutu kuti akuyankhula ndi mwana wosamva, koma anabwerera nayo mbale yawo.

Kuyambira pamenepo anasamutsa mafuwa awo kuchoka m'chisakasa kupita pansi pa mango. Ufa, madzi, mchere, zonse ankaziika poyera, Maliko akuona. Madzulo a tsiku lachitatu anatola kachidutswa kamodzi ka nkhoko zopanda kanthu, anakanunkhiza nthawi yaitali, n'kudya.

Agogo anatola zivundikiro za zitini zinayi, kuti chakudya chilichonse chizikhala pachokha, chisakhudzane ndi chinzake. Pa china ankaika nkhoko, pa china mtedza wokazinga, pa china usipa wochotsa mitu wokazinga mpaka kuthetheka, pa china nandolo wokazinga, ndipo sankamuuza kuti adye. Iwo ankakhala momufulatira n'kumadya zawo zomwezo, akukhukhuta mokweza. Maliko anayamba ndi kusewera nazo. Anandandalika mtedza monga ankachitira ndi miyala, ndipo anganga atadandaula kuti akuononga chakudya, agogo anati, "Akudziwana nacho. Inunso simunakwatiwe nane tsiku lomwe munandiona."

Patapita masiku angapo, kamtedza kakumapeto kwa mzere kanasowa. Usipa unatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo. Ankaundandalika, kuununkhiza, kuubweza. Tsiku limene anadya kansomba kakang'ono kwambiri pamzerewo, ine ndinatsala pang'ono kufuula, koma agogo anandiponda chala chakuphazi. "Ukamuombera m'manja, mawa sadya," anatero osatembenuka. Pambuyo pake anayamba kusinja mtedza Maliko akuona, n'kumupatsa kuti athire yekha mu ufa, kambinikambini, mmene iye wafunira.

Mwezi utatha mapazi anali asanaphwe kwenikweni, koma chala sichinkasiyanso dzenje lakuya, ndipo Maliko anali atabwerera kumiyala yake ndi mphamvu zothamangitsa nkhuku. Ankhoswe anakhalanso pamkeka. Amalume anafunsa ngati agogo anam'patsa mankhwala a tsempho mobisa.

"Mankhwala ake ndi usipa," anatero agogo. "Mwanayu sanasemphedwe. Ngati mukufuna womuloza chala, lozani ine, chifukwa watengera kuno. Ndili mwana kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, therere likangondikhudza lilime thupi lonse linkanyansidwa. Bambo anga ankandimenya kuti ndine wonyada, mpaka ndinkathawira m'munda. Mayi anga ndiwo ankandibisira chinangwa chootcha m'chitenje. Sindinayankhule mpaka anzanga atayamba kuweta mbuzi. Kodi nanenso anandisempha ndani?"

Anganga anaseka mosafuna. "N'zoona. Zaka zonsezi therere langa sanalilawepo. Ine ndinkayesa kuti ndi mwano wa kwa azungu."

Anthu anaseka, ndipo mlandu unathera m'kusekako, ngakhale panalibe amene anapepesa bambo. Iwo anangovala chipewa chawo n'kupita kukakhala pansi pa mango. Loweruka lililonse kuchokera apo ankabwera ndi kaphukusi ka usipa, n'kukhala chofulatirana ndi mwana wawo, aliyense akudya zake. Amayi ndiwo anawatengera bambo madzi osamba tsiku la mlandulo, chinthu chimene anali atasiya kwa milungu yambiri.

Maliko anayankhula ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mawu ake oyamba sanali "amayi" kapena "agogo". Anakankhira chivundikiro chopanda kanthu kwa agogo n'kunena kuti, "Zina." Agogo anangomuonjezera. Agogowo anamwalira pamene Maliko anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, atamuphunzitsa kale kusonkha moto ndi kudziphikira.

Dzina la mmene Maliko alili ndinadzalimva ndili mayi wa ana anayi, anamwino ena akulankhula pa wailesi za otizimu. Ndinasiya kuchapa n'kukhala pansi, chifukwa ankafotokoza mlongo wanga ngati anakulira naye limodzi. Agogo dzinalo sanalidziwe. Ine chimene anandisiyira ndi chizolowezi chimene ana anga amandiseka nacho, choti mwana akakana chakudya sindimufunsa chifukwa chake, ndimakhala pansi n'kumayang'ana kaye.

Lero Maliko ndi bambo wa imvi zake. Amakhala m'kanyumba kuseri kwa yanga ku Nkando, amakonza njinga za akabaza, ndipo amadziwika kuti masipoko ake sapotoka. Zakudya zimene amadya n'zochepabe, ndipo amaphika yekha. Mwezi wathawu ndinakhala pakhonde ndikudya peyala, chipatso chofewa chimene sanachikhudzepo moyo wake wonse. Anaima pafupi nthawi yaitali, kenako anatenga mpeni, anadula kachidutswa kochepa ngati chikhadabo, n'kuika m'kamwa. Ndinayang'ana kumsewu ngati ndikuwerenga maminibasi. Anatafuna, anameza, n'kunena kuti, "Siloipa."

Ndinafuna kudzuka kuti ndithamange ndikauze munthu, koma woyenera kumva nkhani imeneyo anagona kalekale kumanda a kwathu ku Milonde. Ndiye ndinangosuntha mbale ya mchere kuti ikhale pafupi ndi dzanja lake.